Chitonga cha a Belita

Aliyense amene anatsikapo minibasi pa Chintheche n'kuyenda pang'ono cha kumsika anawaonapo a Belita, ngakhale mwina sanadziwe kuti ndi iwo. Shedi yawo yolukiramo tsitsi ili pafupi ndi anyamata okonza njinga. Ndi ya nsungwi ndi malata akale, ndipo kutsogolo kwake kuli chikwangwani chojambulidwa mitu ya amayi. Mitu yonseyo nkhope ndi imodzi, imangosiyana malukidwe. Eni shedi amati wojambulayo ankadziwa kujambula mlongo wake yekha.

A Belita si a kunyanja kuno. Kwawo ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano, kumene m'mawa munthu amaluka tsitsi zala zitauma ndi chisanu. Kuluka anaphunzirira pamitu ya ang'ono awo, amene akuti mpaka lero akaona chipeso amagwira kumutu. Kuno anabwera potsatira amuna awo, a Zakeyu, amene anapeza ntchito yocheka mitengo ya labala kuti itulutse utomoni pa esiteti ina ya m'bomali. A Zakeyu amachoka m'bandakucha pa njinga, n'kubwera madzulo akununkha labala, ndipo ndi munthu wa mawu ochepa. Mawu amene iwo sayankhula amawayankhulira ndi akazi awo.

Zinthu zambiri za kuno a Belita anazizolowera, ngakhale osati tsiku limodzi. Kondowole, nsima ya chinangwa ija, tsiku loyamba anamata zala, anamata mano, mpaka anafunsa ngati chakudyacho chikuchokeranso ku esiteti kwa amuna awo. Lero amamuphika okha, ndipo akapita ku Ntcheu amadandaula kuti ufa wa kumeneko sukhalitsa m'mimba. Kutentha nako anakuzolowera. Chimene sanachigwire bwino, tikanena mosabisa, ndi Chitonga.

Vuto, ngati tingalitche vuto, n'lakuti anthu a kuno ndi aulemu. Akangomva kuti munthu ndi wa kumwera kapena pakati, amasintha okha n'kuyamba Chichewa. Choncho Chitonga cha a Belita chinaima pa “Mwe uli?”, “Nde umampha” ndi “Yewo”. Koma iwo sankaona choncho.

“Chitonga n'Chichewa chomwechi,” ankatero akuluka. “Kungoti anzathuwa amachiyankhula akuthamanga.”

“Mayi a Praise,” anawauzapo tsiku lina a Zakeyu, powatchula ndi dzina la mwana wawo, “Chitonga chanu chimathera pa moni.”

“Chanu chimathera pati, poti ngakhale Chichewa simuyankhula?”

Nkhani inathera pomwepo.

Mwa ana amene ankakonda kuzungulira pashedi panali kamtsikana kena, Taonga, ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Mayi ake anapita ku Joni kukafuna ntchito n'kumusiya kwa mng'ono wawo, a Winnie, amene anali kasitomala wamkulu wa a Belita. A Winnie ankaluka pafupipafupi, komanso ankabwera ndi anzawo a kwaya. Taonga ankabwera atabereka khanda la a Winnie kumbuyo, n'kukhala pakona kutola tizidutswa ta meshi togwa pansi. Ankatimangirira pa chitsononkho kuti chikhale chidole cha tsitsi lalitali. Makasitomala akasowa, a Belita ankamuitana.

“Bwera kuno, mutu uwo usangokhala. Ndiyeserepo sitayilo yatsopano.”

Pali zinthu zimene a Belita anaziona, ndipo samakana kuti anaziona. Mwanayo ankavala juzi ya manja aatali m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Belita akakweza dzanja kuti atenge chipeso, iye ankabisa mutu m'mapewa. Akamupatsa chinangwa chophika ankadya mothamanga atayang'ana kunsewu. Kumbuyo kwa khutu lake kunali malo opanda tsitsi, ndipo nthawi imene anzake anali kusukulu iye ankapezeka pamsika ndi khanda. Chilichonse mwa izi a Belita anachipezera yankho. Juzi, ana amakonda chovala chimodzi. Mantha, chipeso chimawawa. Kudya, ndi kukula. Tsitsi, mwina chipere.

Tsiku lina Taonga atabweranso, atasowa kwa masiku angapo, a Belita anamufunsa akumuluka.

“Unali kuti iwe? Meshi yako ndinakusungira mpaka inayamba kundisowetsa malo.”

Mwanayo, motsitsa mawu, m'Chichewa chake chosakaniza, anati, “Anandipuma.”

“Ndani?”

“Amama aang'ono. Amandipuma.”

A Belita anamwetulira. Iwo anamva kuti mwanayo akufuna kunena kuti amamupumitsa, kungoti lilime la Chitonga ladula mawuwo pakati. Mumtima anawayamikira a Winnie. Mwana wobereka khanda tsiku lonse ayenera kupuma ndithu.

“Eya, ndi bwino kumeneko,” anatero. “Amakukonda. Weramitsa mutu.”

Taonga anaweramitsa mutu.

Zikanathera pamenepo zikanakhala zoipa kale, koma a Belita anali atapeza mawu atsopano a Chitonga, ndipo mawu atsopano sakhala m'kamwa mwawo osatuluka. Loweruka lotsatira a Winnie anabwera kudzaluka za ukwati wina wa ku Bandawe. Mutu utafika pakati, a Belita anaganiza zoonetsa luso.

“Ndamva kuti Taonga mumamupuma.”

Khosi la a Winnie linauma. A Belita anaganiza kuti akoka tsitsi kwambiri, ndipo anafewetsa dzanja.

“Wakuuzani ndani?”

“Mwini wake. Mumachita bwino, asisi. Makolo a masiku ano ana sawapuma. Ine Praise wanga ndimamupuma masana alionse akangochoka kusukulu. Afune asafune.”

A Winnie anawayang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono. “Ndi wosamva mwana uja.”

“Mukamamupuma azimva. Pitirizani.”

Analipira n'kumapita. A Belita anatsala akusesa, okhutira kuti ayankhula Chitonga chiganizo chathunthu popanda wowaseka.

Taonga sanabwerenso pashedi. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Tizidutswa ta meshi tinadzaza kajumbo kamene a Belita anakapachika pamsomali.

Pafupi ndi shediyo amagulitsapo ufa wa kondowole ndi usipa a Magdalena, amene anthu a kuno amawatchula kuti NyaManda. Ndi mayi wamkulu, wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ndipo ndi iwo anaphunzitsa a Belita kuphika kondowole wosamata m'mano. Tsiku lina m'mawa anayanika chinangwa chonyika pa chiguduli kuseri kwa benchi lawo, ndipo mbuzi ya munthu wina inabwera kudzadzithandiza. A Magdalena anatola ndodo.

“Ndikupumengi! Choka! Ndikupumengi iwe!”

A Belita anaseka mpaka kugwira nsungwi ya shedi. “NyaManda, mbuzi yakudyerani chinangwa, inu mukuti muipumitsa? Mphasa muiyalira pati?”

“Mphasa yanji? Ndikuti ndiimenya.”

“Ayi, mwati ndikupumengi. Ndamva ndi makutu angawa.”

“Eya, kupuma. Kumenya. Kukwapula.” A Magdalena anagwedeza ndodo m'mwamba kuti asonyeze. “Kupuma kwanu kogona pamphasa ife timati kupumuwa. Zaka zonsezi, mayi a Praise?”

Anayembekezera kuti mnzawoyo ayankha mwachipongwe monga mwa masiku onse. Koma a Belita anali atakhala pansi, pa dothi penipeni, mpando uli pambali pawo.

“Mwatani? Mutu?”

“Taonga,” anatero a Belita. “Anandiuza. Anandiuza ndi pakamwa pake, ine n'kumuuza kuti ndi bwino.”

Anafotokoza zonse, za juzi, za kuseri kwa khutu, mpaka za Loweruka lija. Atafika poti “pitirizani”, a Magdalena anaika ndodo pansi n'kugwira pakamwa. Mbuzi inabwerera pachiguduli, ndipo palibe anaithamangitsa.

Kenako a Belita anadzuka, n'kumanga chitenje mwamphamvu m'chiuno. “Ndikupita komweko. Andiuze bwino Winnie ameneyo.”

“Khalani pansi.”

“NyaManda, mwana uja...”

“Ndati khalani pansi. Ndi a Winnie mwayankhula kale zokwanira. Mukapita kukakalipa, mukabwerako mtima uli mbee, koma mwana atsala m'nyumba momwemo. Mukuganiza kuti wasowa chifukwa chiyani?”

Funso limenelo linawabweza pampando.

A Magdalena ankadziwa kuti Taonga amatumidwa kumjigo wa kuseri kwa msika dzuwa likafika pamutu, nthawi imene pamakhala anthu ochepa. Anasiyira benchi lawo mayi wogulitsa tomato, a Belita anatseka shedi, ndipo anapita kukakhala pamthunzi pafupi ndi mjigowo ngati anthu ongocheza. A Magdalena anatenga chinangwa chophika m'kambale.

“Ndiyankhula ndine,” anachenjeza. “Inu mafunso anu amabwera khumi nthawi imodzi ngati apolisi a pamsewu.”

Taonga anabwera ndi ndowa yaikulu kuposa msinkhu wake, atavala juzi yomwe ija. Ankayenda mopendama. Ataona a Belita anaima, n'kuyang'ana kumbuyo ngati akufuna kubwerera. A Magdalena anamuitana m'Chitonga, mofatsa, n'kumupatsa kambale. Sanamufunse kanthu mpaka anamaliza kudya. Kenako anayamba kucheza naye za khanda, ngati layamba kukwawa, ngati limaluma. A Belita ankangomva mawu apa ndi apo, ndipo kwa nthawi yoyamba anavomera mumtima kuti anthuwa sakuthamanga, ndi iwo amene sakumva.

Mwadzidzidzi mwanayo anatembenukira kwa iwo n'kunena m'Chichewa, “Munawauza.”

A Belita anayang'ana a Magdalena. A Magdalena anagwedeza mutu kuti ayankhe.

“Ndinawauza, mwanawe. Mawu ako sindinawamve bwino. Ndinkayesa ukunena za kugona masana. Iwe unachita bwino kundiuza, wolakwitsa ndine. Ndipo zimene amakuchitazo si chifukwa choti ndiwe woipa, wamva? Palibe mwana woyenera zimenezo.”

Taonga anawayang'ana ngati akuyeza ngati ulendo uno amvadi. Kenako anakweza yekha dzanja la juzi. Mkono unali ndi mikwingwirima, ina yakale yoda, ina yatsopano. Anati kumsana iliko yambiri, ndipo Loweruka lija a Winnie anagwiritsa ntchito waya wa magetsi. Anatinso masiku ena akalakwitsa amagona osadya.

A Belita ankafuna kukuwa, koma anaona kuti mwanayo akuyang'anitsitsa nkhope yawo, ndiye anadziletsa.

“Musauzenso munthu,” anatero Taonga.

Apa ndi pamene a Belita amati panali povuta kuposa ponse, chifukwa “eya” anali kale pamilomo. Koma anali atamunamiza kamodzi mosadziwa, ndipo sanafune kumunamizanso akudziwa.

“Zimenezo sindingalonjeze. Tikabisa, sizisiya. Koma tiuza munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuteteza ana, ndipo ukhala ukumva tikamamuuza. A Winnie sindiwauza kanthu ine. Pakamwa panga pano ndatseka ndi loko.”

“Loko wake tigula wamkulu,” anatero a Magdalena, akutulutsa foni pakona ya chitenje.

Anali ndi nambala ya a Mayeso, mlangizi woona za chitetezo cha ana m'deralo, amene anabwerapo kutchalitchi kudzayankhula ndi amayi a Umanyano. A Mayeso anawauza kuti asachoke pamalopo, asamufunsenso mwanayo mafunso ambiri, ndipo asamubwezere kunyumba. Posakhalitsa anafika pa njinga yamoto, mnyamata wamtali wa ku Mchinji, wovala chipewa chomukulira. Anagwada kuti alingane ndi Taonga, n'kumulonjera m'Chitonga chopindika chimene chinamuseketsa mwanayo koyamba tsiku limenelo. Atamva nkhani ya mawu aja sanaseke.

“Inenso anandigwetsapo mawu amenewo nditangofika kuno,” anatero. “Koma amayi, tsiku lina mukadzaona juzi pa dzuwa ngati ili, musadzadikire mawu.”

A Belita anavomera. Panalibe chotsutsa.

Taonga anali ndi nkhawa imodzi yokha: ndowa. Akapanda kubwerera nayo, anati, zikhala zoopsa. A Mayeso anaidzaza okha pamjigo, n'kunena kuti akaitula okha kwa a Winnie, poti ayenera kukawadziwitsa kumene mwana ali. Anayamba aperekeza onse atatu kuchipatala chapafupi, kumene anamwino anamuyeza mwanayo n'kumupaka mankhwala, kenako kupolisi, kuchipinda chimene amamverako nkhani za amayi ndi ana. Anagwirizana kuti Taonga ayambe wakhala kwa a Magdalena pamene akufufuza abale ena. Madzulo anthu a pamsika anaona mlangizi wa boma akudutsa pang'onopang'ono pa njinga yamoto, ndowa ya madzi itamangidwa kumbuyo, theka la madzi litathera pa thalauza lake.

M'mawa mwake a Winnie anafika pashedi, tsitsi la ukwati lija likadali lowala.

“Si inu munati ndipitirize?” anakuwa. “Si inu munati wanu mumamupuma masana alionse?”

Okonza njinga anasiya mapampu. Mayi wa tomato anasendera pafupi.

“Ndinanena m'Chichewa,” anayankha a Belita.

Wina anaseka, kenako n'kudzigwira. A Winnie anayamba kulira mokwiya. Anati mkulu wawo anangowatulira mwana n'kupita ku Joni, iwo ali ndi awo atatu, amuna awo amakhalira kunyanja, ndipo palibe tsiku limene munthu anawafunsapo ngati atopa. Anati iwonso anakula ndi ndodo ndipo sanafe. Anati mlendo wa ku Ntcheu sangabwere kudzaphunzitsa anthu kulera.

A Belita anali ndi mayankho ambiri, ena okoma kwambiri, koma anakumbukira loko.

“Kutopa kwanu ndakumva, asisi, ndipo a Mayeso mukawauze zimenezo, athandizapo. Koma mkono wa mwana uja ndauona.”

Sanawonjezerepo. A Zakeyu atamva madzulo anati chimenecho ndi chozizwitsa chachikulu kuposa zonse za m'nkhaniyi.

Nkhani ya a Winnie inatsala m'manja mwa apolisi ndi a zachitetezo cha ana, ndipo a Mayeso ankapitako kukaona mmene ana enawo akukhalira. Mayi ake a Taonga anapezeka pa foni. Analira, anakalipa, kenako anatchula azakhali a mwanayo, a Memory, amene amakhala ku Tukombo. A Mayeso anapita kukaona pakhomopo ndi kucheza ndi oyandikana nawo asanavomere. Patapita masabata angapo a Memory anabwera kudzamutenga, ndipo sabata yomweyo anakamulembetsa sukulu.

Kwa a Belita zinthu sizinayende bwino nthawi yomweyo. Amayi a kwaya anasamukira kwa woluka wina wa kutsidya kwa msewu, ndipo ena akamadutsa ankayankhula Chitonga mokweza, podziwa tsopano kuti mwini shedi sakumva. Ena anabwerera miyezi itapita, chifukwa wa kutsidyayo amaluka mizere yokhota. Ena sanabwerere mpaka lero. Anyamata okonza njinga, amene salola nkhani yabwino kuwola, amakuwabe Praise akamadutsa kuchokera kusukulu, “Thamanga, mayi ako akudikira kuti akupume!” Praise, amene sanamenyedwepo ndi mayi ake chibadwire, amangowagwedezera mutu.

Chimene chinasintha kwambiri ndi kalukidwe. A Belita akamaluka mwana masiku ano amayang'ana kuseri kwa makutu ndi m'khosi, ndipo mwana akanena mawu amene sakuwatsimikiza amakuwa, “NyaManda, tabwerani mundimasulire!” A Magdalena amadandaula kuti asanduka womasulira wopanda malipiro, koma amabwera.

Funso limene linkawasowetsa mtendere linali lakuti kaya ku Tukomboko mwanayo alidi bwino, kapena angomusuntha kuchoka pa ndodo ina kupita pa ina. A Mayeso ankati zili bwino, koma a Belita ankafuna kumva okha. Tsiku lina Loweruka masana anaimbira a Memory. Anacheza za mvula, za mtengo wa usipa, za yunifolomu imene yayamba kale kuchepa.

“Tandipatsirani mwini wakeyo ndimumve,” anatero a Belita.

Anamva a Memory akuitana. Chapatali kunkamveka phokoso la ana, mpira wa mapepala ukugunda khoma, wina akuwerenga mokuwa. A Memory anaitananso. Kenako kunamveka mawu a Taonga, okwera kuposa mmene a Belita anawamverapo, akuyankha mokalipa ndithu.

“Akuti chiyani?” anafunsa a Belita.

A Memory anaseka mwamanyazi. “Pepani, mayi. Akusewera fulaye. Akuti amene ali pakati ndi iye, ndiye sangachoke, anzake amubera. Akuti muimbenso.”

“Ndiimbenso? Ine? Mayunitsi anga?”

“Ndimukakamize abwere?”

“Ayi,” anatero a Belita msanga. “Musiyeni. Asatuluke pakatipo.”

Anakhalabe foni ili kukhutu, kumvetsera phokosolo, mpaka kasitomala amene anali pampando, mutu theka woluka theka wosaluka, anatsokomola kachiwiri.